Wokuitana Ali Pansi Usamuyankhe

Nason Daka anafika ku Bulawayo ndi bulangete limodzi, ndipo bulangetelo silinali lake. Amene analitumiza ku Katete ndi Simeon Njobvu, kuti mnzakeyo asafe ndi mphepo m'sitima. Amene anakamuchingamira pa siteshoni ndi Simeon, amene anamuthamangira za situpa, chiphaso cha boma chija, ndi Simeon, ndipo Nason atafuna banja, Simeon yemweyo anamupatsa mlongo wake Ketty osamuvutitsa. Zinthu zoterezi wolandira amaiwala msanga, koma sizifufutika.

Nason anagwira ntchito ya umalaisha m'migodi ya ku Gwanda ndi ku Filabusi, kukweza miyala ndi fosholo mpaka mapewa anapindika. Ntchito itatha anabwerera ku Bulawayo, ku komboni ya Njube, ndi chifuwa chokha. Zinali zaka zija boma la azungu litadzipatsa lokha ufulu, malire a ku Zambia atatsekedwa, nkhondo ikuyandikira m'midzi. Kumudzi kunalibe njira, ndipo ngakhale ikanakhalapo akanapita ndi chiyani? Iye ndi Ketty ankagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya Simeon.

Simeon ankagwira ntchito ku njanji. Anali ndi njinga, mipando ya nsalu ndi wailesi yaikulu yoimba mbale. Lamlungu akaitsegula, Nason ankakhala pa chitini kuseri, akumvera nyimbo kudzera m'khoma. Mkazi wa Simeon, Dorah, akawapatsira ndiwo, Nason ankadya mosakondwa. Ankati mumtima, tonse tinachokera ku Katete konkuja, nanga ine ndinalakwa chiyani.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere. Mgodi womaliza umene anagwirako unali waung'ono, wa mzungu mmodzi, kuseri kwa Essexvale. Anthu akalekale anali atakumbapo kale, mzunguyo anangotsata maenje awo. Pakati pa thanthwe lobiriwira panadutsa mzere wa mwala woyera ngati mchere, wopendekeka, pena wonenepa ngati chitseko, pena wowonda ngati chikhatho. Amigodi amautcha lifi. Kumtunda, kumene mvula inalowerera zaka zambiri, mwalawo unali wofiira ndi wofumbutuka, ndipo golide ankatuluka mosavuta: kusinja, kutsuka, mekyuli, chitsulo chamadzi chija, n'kumugwira. Koma atatsika kufika pamene pamayambira madzi, mwala unasintha. Unada, unalemera, unadzaza tinthu tachikasu tonyezimira timene timanamiza osadziwa. M'makoma munkatuluka thukuta lobiriwira la mkuwa, munali mtovu, munalinso mwala wina wotuwa umene ukaumenya ndi nyundo umanunkha adyo. Golide analimo ndithu, koma mwala wa adyowo unamumanga, mekyuli sankamugwira. Mzungu anayesa kuuwotcha, utsi wake unaumitsa mitengo, ndipo anatseka. Kenaka a boma anamuitana ku usilikali, malowo n'kukhala a njoka ndi mileme.

Chimene chinatsalamo ndi mizati. Pokumba, amasiya dala zigawo zina za lifi kuti zichirikize denga, ndipo wamigodi aliyense amadziwa kuti mzati sukhudzidwa. Nason ankailota mizati imeneyo masana ali maso.

Ku bawa anamva za mkulu wina wa ku komboni ya Pumula, dzina lake Jasper, amene kale anali wophulitsa miyala m'migodi. Anamupeza masana dzuwa lili pamutu, atakhala pansi pa mtengo wa mabulosi akukhoma zidebe. Anali wowonda, wopuma movutikira. Sanamufunse dzina.

"Mapewa amenewo ndi a malaisha," anatero mkuluyo osasiya kukhoma. "Wabwera za mwala."

Nason anatulutsa kamwala kotuwa m'thumba. Jasper anakamenya ndi nyundo yake, n'kununkhiza.

"Alimo," anatero. "Koma mwini wake wamukumbatira."

"Ndi chifukwa chake ndabwera, madala. Ndilipira bwanji?"

"Ndalama sunga, ulibe n'komwe. Pansi pali mwini. Iyeyo sakana kupatsa. Chimene sakonda n'kulandidwa. Amuna amatsika kwa iye, ena iye amafuna kuwasunga, anzawo n'kubwera kudzawasolola. Zimenezo zimamupweteka."

"Ndiye nditani?"

"Munthu akakuitana ali pansi pa nthaka, usamuyankhe."

M'migodi, lamulo loyamba amakuphunzitsa usanagwire n'komwe fosholo: munthu akaitana umavomera, ngakhale akhale mdani wako amene unamenyana naye dzulo. Mu mdima muja, kuvomera ndi kumene kumamuuza mnzako kuti sali yekha.

"Nanga nditapita kwa iye osalankhula?" anafunsa.

"Mapazi amayankhanso. Manja amayankhanso."

"Mpaka liti?"

Jasper anakweza maso koyamba. "Unamvapo kuti pansi panatha?"

Nason anaganiza, n'kuona kuti nkhani yake njosavuta. Adzapita yekha. Ndipo ngati padzafunike wina, iyeyo ndi amene azidzakhala pansi, winayo pamwamba. Munthu ali pansi kale angaitanidwe bwanji ndi wapansi? Anavomera. Mkuluyo anamutema mphini kuseri kwa makutu onse, n'kupakamo fumbi la kamwala kaja, ndipo anamupatsa chithumwa chosokedwa m'chikopa cha mfuko. Potsazikana Nason anati adzapita yekha. Jasper anatsokomola, kapena anaseka, n'kunena kuti mwala umalemera.

Anayamba kupita ku mgodi kuja ngati munthu wokagula mbuzi m'mapulazi, n'kubwerako nthawi yoletsa kuyenda isanakwane. Ankatsika ndi makwerero akale, nyale ya kabaiti pachipumi, n'kutola miyala yotuwa imene mzungu anaitaya. Ataisinja mu mtondo wachitsulo n'kutsuka m'beseni, m'mphepete munatsala kamchira kachikasu ka golide. Mekyuli anamugwira ngati kuti sanakanepo. Ankawotcha phala la mekyulilo pa fosholo, pa pulaimasi, m'kachipinda kaja, chitseko ndi zenera atatseka poopa apolisi, chifukwa munthu wakuda akapezeka ndi golide inali ndende. Nason ankamutulutsa Ketty panja, iye n'kumapuma utsiwo yekha. Wogula anali munthu wina wokonza mawotchi m'tauni, amene sankafunsa mafunso.

Chaka chisanathe anali ndi jekete, njinga, ndi nyumba yakeyake ya lendi mumsewu womwewo. Wailesi anagula yoposa ya Simeon, ndipo ankaitsegula zitseko zili pululu.

Ndiye ku Njube kunagwa maliro a mayi wina wochokera kwathu ku Katete. Ife a sosayite ya maliro sitilola kuti wathu akumbiridwe ndi alendo, manda timakonza tokha. Nason anali pakati pa amuna, ataima m'mphepete mwa dzenje ndi jekete lake latsopano. Mmodzi wa okumba, ali m'kati mpaka m'mutu, anaitana kuti a Daka, tandipatsireni pikiyo. Piki inali pa mapazi pa Nason penipeni. Wokumbayo anaitananso. Nason anangoti njo, thukuta likutsika, kenaka anatembenuka n'kuchoka pamanda anthu onse akuona. Azimayi anasiya nyimbo. Madzulo ake Simeon anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa, akunena kuti mlamu wake anadwala mutu. Imeneyonso inali ngongole.

Apo mpamene Nason anadziwa kuti pansi si mgodi wokha. Anasiya kupita kumaliro. Akaona a khonsolo akukumba ngalande za mipope, ankazungulira msewu wina. Anthu anati ndalama zamutupitsa.

Simeon yekha sanamutaye. Ankamuseka pachilamu, kumutcha sibali monga amatero Amandebele, kumufunsa ngati wakwatira mkazi wamasiye wa mzungu. Koma mwana wake Febby atakhoza mayeso opitira ku sekondale ya mishoni, malipiro a kunjanji sanakwane. Tsiku lina anamuitanira pambali, n'kumuuza mosaseka kuti sakufuna kupatsidwa, akufuna kugwira nawo, kaya ndi chiyani. Nason akanakana bwanji munthu amene anamufunditsa? Ndiponso miyala yotayidwa ija inali itatha, yotsala inali mizati, ndipo mwala wa mzati sungaukweze pamsana ndi makwerero owola. Pankafunika munthu pamwamba wopukusa chingwe.

Anamuuza za mgodi, koma za Jasper sanamuuze. Anati asilikali amayendayenda m'mapulazi ndipo mawu amamveka patali, choncho pasakhale kuitanana: wapansi akafuna chidebe chikwere, azingogwedeza chingwe. Simeon anati nzanzeru zimenezo. Ankapita Loweruka lililonse, Nason pansi, Simeon pamwamba. Mzati woyamba unali ndi golide wooneka ndi maso, timitsempha tachikasu mu mwala woyera. Nason anaudya pang'onopang'ono mpaka unawonda ngati mwendo wa munthu. Denga linalira, koma silinagwe. Febby anapita kusukulu ndi sutikesi yatsopano.

Kenaka manja a Nason anayamba kunjenjemera. Poyamba ankangotaya tiyi. Nkhama zinatupa, malovu anachuluka, ankapsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Ketty anati ndi utsi wa pa fosholo uja, anamupempha kuti asiye, zimene apeza zakwana. Iye anamukalipira. Koma pansi, akagwira chitsulo chobowolera, nyundo inkaphonya n'kumenya zala.

"Manja a mowa amenewo, sibali," anatero Simeon. "Loweruka likubwerali nditsike ndine. Inu muzipukusa, kupukusa sikufuna maso."

Nason anazengereza. Anati kuli mvula, anati asilikali achuluka. Koma mzati wachiwiri anali atauona, unali wonenepa kuposa woyamba uja. Anadziuza kuti pali chingwe, mlamu wake sadzasowa kuitana.

Linali tsiku la mitambo, mvula itagwa sabata yonse. Simeon anatsika akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Chingwe chinagwedezeka, Nason anapukusa, chidebe chinatuluka chodzaza mwala woyera wa mitsempha yachikasu. Chinatsikanso, chinakweranso. Dzuwa litangopendeka, nthaka inagunda pansi pa mapazi ake, ndipo m'dzenje munatuluka mpweya wafumbi wonunkha adyo. Anakoka chingwe, koma chinali chitapanidwa.

Panapita kanthawi. Kenaka mawu anakwera.

"Alamu. Alamu, muli pompo?"

Sanatinso sibali. Nason anatsegula pakamwa, n'kugwira mphini zija kuseri kwa khutu.

Simeon anafotokoza bwinobwino, monga munthu wa kunjanji wozolowera ngozi. Anati mwala wamupana miyendo koma si waukulu kwambiri, munthu wina atabwera ndi chitsulo ukhoza kusuntha. Makwerero sanagwe. Nyale ikadayaka. Madzi ndi amene akukwera, koma pang'onopang'ono, nthawi ilipo. Nason anamva zonsezo. Makwerero anali pafupi ndi bondo lake. Chidebe chodzaza chinali mbali inayo.

Anakhala pansi. Ankadziuza kuti adikire kaye, aganize. Akatsika, zonse zitha, abwerera pa chitini kuseri kwa nyumba ya Simeon. Akathamangira ku pulazi, amufunsa chimene amafuna kuthengo nthawi ya nkhondo.

Simeon anaitana, anaitana. Anamutchula dzina, anamutchula mfunda. Sanamutukwane ngakhale kamodzi, chifukwa m'mutu mwake simunalowe zoti mlamu wake angakhale pompo n'kumangomvera. Anaganiza kuti asilikali abwera.

"Ngati ndi asilikali, thawani alamu, musabwerere chifukwa cha ine," anatero. "Mukamuuze Dorah kumene ndili. Asamandifunefune."

Pambuyo pake anapemphera, ndipo m'pempheromo anapempherera Nason kuti asamugwire. Kenaka mawu anayamba kumveka ngati a munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa. Nason ananyamula miyala m'thumba, nakakwera basi nthawi yoletsa kuyenda isanakwane.

Kwa Dorah ananena monong'ona kuti anakumana ndi anyamata a kuthengo, ndipo Simeon wapita nawo kukamenya nkhondo. Masiku amenewo bodza lotere linkatseka pakamwa aliyense. Sukanapita ku polisi, sukanafunsa anansi, sukanalira mokweza. Panalibe maliro, panalibe nyimbo, sosayite sinasonkhe kanthu. Kunjanji anamufufuta ngati wothawa ntchito, ndipo nyumba, imene inali ya kunjanji, inalandidwa. Dorah ndi ana anakalowa m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya Nason. Iye ankawagulira ufa, ankalipirira Febby, ndipo anthu amene ankamunena kale anayamba kumutama kuti ndi mlamu wosapezekapezeka. Dorah ankamugwadira pomuthokoza. Malaya a mwamuna wake ankawachapa n'kuwasita, kuti akadzabwera adzapeze zili bwino.

Ku mgodi Nason sanapitenso. Thumba lomaliza lija linatulutsa golide wochuluka kuposa onse, ndipo anatsegula sitolo, nagula galimoto yonyamula katundu.

Mawu anayambira mu sinki. Akutsuka m'manja m'mawa, anamva kuchokera mu mpope kuti alamu, muli pompo? Kenaka anayamba kumveka mu ngalande ya kutsogolo kwa sitolo, pansi pa simenti, m'chimbudzi. Sanali mawu aukali. Ankangofunsa, n'kunena kuti nthawi ilipo.

Anathamangira ku Pumula. Jasper anali pamalo pomwe paja, akukhoma chidebe. Nason anaika ndalama pansi, anaika makiyi a galimoto, n'kupempha kuti amutseke pakamwa munthu uja.

"Wayankha?" anafunsa mkuluyo.

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati? Sitolo uli nayo."

"Akuitanabe, madala."

"Ine ndinati usayankhe. Sindinanene kuti adzasiya kuitana."

"Nanga nditayankha tsopano?"

"Tsopano?" Jasper anakankha makiyi aja ndi phazi. "Tsopano uyankha ndani?"

Kuyambira pamenepo sankathanso kusiyanitsa mawu a pansi ndi a pamwamba. Wogula akamuitana, ankangomuyang'ana milomo, akuopa. Ketty akamuitana kuchokera kuchipinda, ankakhala chete. Anatseka makutu ndi thonje ndi phula la kandulo, koma mawu anali m'kati. Mano anagweruka limodzilimodzi. Anayamba kugona pa denga la galimoto kuti atalikirane ndi nthaka. Ogula anasiya kubwera, antchito anadzitengera katundu, galimoto inagulitsidwa. Ketty anapirira, chifukwa ankati munthu amene akusunga banja la mchimwene wake sangamusiye akudwala.

Nkhondo itatha, anyamata anayamba kubwerera. Dorah ankavala chitenje chake chabwino tsiku ndi tsiku, n'kukaima ku Renkini kumene amafikira mabasi, akuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika. Ankafunsa obwerawo ngati anaonako bambo wina wa kunjanji, wamtali, wokonda kuimba. Madzulo ankabwera mapazi atatupa, n'kunena kuti mwina mawa.

Tsiku lina akuchokera komweko, anapeza anthu atadzaza mumsewu. Nason anali atagwada m'matope, mutu ataulowetsa mu ngalande, akukuwa kuti ndili pano alamu, ndili pano, ndikubwera ndi chitsulo. Kenaka ankasintha mawu, n'kulankhula ngati Simeon, mawu onse a tsiku lija osasiyako limodzi: za mwala, za makwerero, za madzi, za pemphero. Umo ndi mmene tinazidziwira. Atafika poti mukamuuze Dorah kumene ndili, asamandifunefune, Dorah anakhala pansi pakati pa msewu. Sanalire. Anangovula nsapato.

Amuna a sosayite amene anagwirapo m'migodi anapita ndi zingwe, Nason atamumanga manja kuti alondolere. Madzi anali ataphwa. Mwala uja anausuntha anthu awiri okha ndi chitsulo chimodzi. Mafupa anawabweretsa m'bokosi laling'ono, ndipo tinamuika Simeon moyenera, ndi nyimbo zake zonse. Ketty anachoka tsiku lomwelo la maliro, napita ndi Dorah kukakhala kwina, ndipo dzina la mwamuna wake sanalitchulenso.

Nason anatengeredwa ku chipatala cha amisala. Akuti kumeneko ankakhala chogona pansi, khutu pa simenti, akuvomera tsiku lonse mpaka mawu anauma. Anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Sosayite inakumana, ndipo panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anavomera kulowa m'dzenje lake. Anamuika a boma.

Ana inu, chuma chobwera ndi zithumwa si mphatso, ndi ngongole, ndipo wokongozayo satenga ndalama, amasankha yekha chimene akufuna pakhomo pako. Umphawi unamuvutitsa Nason, inde, koma umphawi sunamuuze kuti akhale chete pamene mlamu wake ankamuitana. Dyera ndi limene linamuuza. Mukaona mnzanu wakupitirirani, gwirani ntchito, kapena pemphani, kupempha sikupha. Koma aliyense wokulonjezani kuti mulemera mawa, mufunseni kaye kuti adzalipire ndani, chifukwa nthawi zambiri amalipira ndi uja amene anakuchitirani zabwino.